Momwe mungaonere kuwala kukukhota ndi supuni komanso tambula ya madzi

Ana asukulu ambiri nkhani ya magalasi mu physics amangoloweza, concave, convex, refraction, koma ukawafunsa kuti kwenikweni chimachitika nchani amangokuyang'ana. Chonsecho zinthuzi mutha kuziona kunyumba komweko opanda lab. Pezani supuni yachitsulo yowala bwino, tambula yagalasi, kapu ya pulasitiki, pensulo ndi ndalama yachitsulo, K10 ija yomwe masiku ano sigula kanthu, apa ndiye yapeza ganyu.

Yambani ndi supuni. Dziyang'anireni mkati mwake, mbali yotapira phala ija, muona nkhope yanu itazondoka, chibwano mmwamba mphumi pansi. Kuwala kukagunda chitsulo kumanjanja ngati mpira, ndiye poti mkatimo ndi mokumbika (concave ija ndi imeneyi), kumakakumana pamalo amodzi patsogolo pa supuni kenako nkupingasana, kochokera kumtunda kupita pansi kochokera pansi kupita kumtunda. Malo okumaniranawo ndi amene aphunzitsi amati focus. Tsopano tengani pensulo, nsonga yake muziiyandikitsa pang'onopang'ono mpaka itsale pang'ono kukhudza chitsulo, mudzaona chithunzi chatembenuka, chaima bwinobwino komanso chakula. Mwadutsa focus pamenepo. Galasi lometera ndevu limagwira choncho, ndipo mu tochi babu amaliika pa focus pomwepo kuti kuwala kuzituluka mowongoka nkukafika patali.

Itembenuzeni supuniyo. Kumsana kwake kankhope ndi kakang'ono, mphuno ngati mbatata kkk, koma chipinda chonse chikuoneka ndipo sichizondoka olo muyandikire bwanji. Iyi ndiye convex, ngati galasi la mmbali mwa minibasi. Limaonetsa msewu waukulu koma limanamiza, galimoto yakumbuyo imaoneka ngati ili kutali pomwe yafika kale.

Za madzi ndiye zimandisangalatsa kwambiri. Ikani ndalama ija pansi mu kapu yopanda madzi, muzibwerera mmbuyo mpaka mlomo wa kapu uibise, imani pomwepo osasuntha mutu. Mnzanu athire madzi pang'onopang'ono kuti ndalama isasunthe. Ingotulukira yokha basi, ngati wina waikankha kuchokera pansi.

Palibe matsenga apa. Mumpweya kuwala kumathamanga pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, mmadzi kumatsika kufika cha pa 225,000, mugalasi cha pa 200,000. Kukamadutsa malire a madzi ndi mpweya mopendekeka, mbali imodzi imasintha liwiro isanasinthe inzake ndiye kumakhota (kukhotaku ndiye refraction ija), ngati ngolo yomwe tayala limodzi lalowa mumchenga linalo likadali pouma. Diso lanu silidziwa zoti kuwala kwakhota panjira, limangoganiza kuti kwabwera chowongoka, nchifukwa chake ndalama imaoneka ngati yakwera. Pensulo mukaiviika mopendekeka mutambula imaoneka yothyoka pachifukwa chomwechi. Lamulo lake mmabuku limadziwika ndi dzina la Snell wa ku Netherlands, 1621, ngakhale Ibn Sahl wa ku Baghdad anali atalilemba kale mu 984, koma uyu satchulidwa kawirikawiri.

Inu opita kunyanja pa holide imvani apa, madzi oyera ngati aku Cape Maclear mukamayang'ana pansi muli mubwato amaoneka osaya kuposa mmene alili. Pakuya mamita 2 pamaoneka ngati mita imodzi ndi theka. Ngati simutha kusambira musadumphe poti mwaona miyala pafupi.

Komaliza jambulani muvi papepala woloza kumanja, muimike pepalalo kuseri kwa tambula yopanda kanthu, motalikirana ngati chikhatho chimodzi, kenako thirani madzi. Muvi uloza kumanzere, chifukwa tambula yodzaza yasanduka lens, galasi lokhotetsa kuwala ngati la mandala, ndipo kuwala kwapingasana ngati pa supuni paja. Ukakana kutembenuka ndiye kuti pepala layandikira kwambiri, lisunthireni kumbuyo pang'ono.