Momwe mungaipezere Alpha Centauri, nyenyezi ziwiri zooneka ngati imodzi

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mvula itapita ndipo utsi wa moto wa m'tchire usanachuluke, kumwamba kwa Salima nthawi zambiri kumayera. Ino ndiyo nyengo yofunira Alpha Centauri, nyenyezi yachitatu pakuwala usiku pambuyo pa Sirius ndi Canopus. Maso amaiona ngati imodzi, koma ndi ziwiri zomwe zimazungulirana, ndipo ulendo umodzi zimaumaliza pa zaka pafupifupi 80. Anthu a ku London saiona n'komwe chifukwa kwawoko siituluka. Kuno mungofunika kutuluka panja.

Yambani ndi kusankha usiku. Mufunika masiku omwe mwezi uli mumdima, omwe aja asodzi a usipa amapita ndi nyali panyanja. Alpha Centauri payokha imaoneka ngakhale mwezi uli mbee, koma nyenyezi zing'onozing'ono zokulozerani njira zimabisika. Tengani juzi, mwera wa usiku suseka ndi munthu.

Kenako malo. Pamchenga ku Senga Bay ndi pabwino, bola mutalikire magetsi a malo ogona alendo. Ngati muli ku boma kapena kwa Kamuzu Road, bwalo la mpira lililonse lopanda mababu likwanira, ndipo usiku womwe magetsi azima, m'malo modandaula, tulukani. Ikani foni m'thumba, mukhale mumdima mphindi 20 kuti maso azolowere. Ambiri amalephera pomwepa: akangoyang'ana uthenga umodzi pa WhatsApp, maso amayambiranso.

Tsopano yang'anani kum'mwera. Ku Senga Bay n'kosavuta: nyanja ili kum'mawa, ndiye ikhale kudzanja lanu lamanzere. Pakati pa mwezi wa Juni, cha m'ma 7 koloko madzulo, tambasulani mkono, mufumbate dzanja, muwerenge zibakera zinayi kuchoka pomwe thambo lakumana ndi dziko. Pamenepo muona nyenyezi zinayi zopanga mtanda woimirira, ndi kena kakang'ono kachisanu m'mbali. Umenewo ndi Mtanda wa Kum'mwera. Chenjerani, cha kumanja kuli mtanda wina wokulirapo koma wosawala kwambiri, womwe umasokoneza anthu. Weniweniwo mudzauzindikira ndi nyenyezi ziwiri zowala zomwe zili kumanzere kwake, zokhala ngati zikuuloza.

Pa ziwirizo, yoyandikira mtanda ndi Hadar, yoyera mobiriwira pang'ono. Yakutaliyo, yowala kwambiri komanso yachikasu, ndiye Alpha Centauri. Zimaoneka ngati zili pamzere umodzi, koma kuwala kwa Hadar kumayenda zaka pafupifupi 390 kuti kufike kuno, pomwe kwa Alpha Centauri kumangotenga zaka zinayi ndi miyezi inayi. Poganizira kuti kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, mtundawo si wamasewera, komabe palibe nyenyezi ina yooneka ndi maso usiku yomwe ili pafupi nafe kuposa imeneyi.

Musadzivutitse kutsinzinira diso kuti mulekanitse nyenyezi ziwiri za Alpha Centauri. Sizitheka. Zili ngati nyali ziwiri za bwato limodzi lili kutali panyanja, zomwe kumtunda zimaoneka ngati kuwala kumodzi. Ngakhale ma binoculars wamba amalephera. Pamafunika telesikopu, ngakhale yaing'ono, yoima pamiyendo yake kuti isagwedere. Mukaipeza, dikirani mpaka cha m'ma 9 koloko, nyenyeziyo ikafika pamwamba penipeni pa ulendo wake, chifukwa ikakhala m'munsi mpweya umaiphethiritsa kwambiri. Mudzaona timadontho tiwiri toyandikana: kowala kwambiriko ndi Alpha Centauri A, yomwe ndi yokulirapo pang'ono kuposa dzuwa lathu, ndipo kofiirirako ndi B, yocheperako. Zikayandikana kwambiri, mpata wake umakhala wofanana ndi mtunda wochoka pano kufika kudzuwa kuwirikiza ka 11, ndipo zikatalikirana umafika ka 36. Woyamba kuziona kuti ndi ziwiri anali wansembe Jean Richaud, m'chaka cha 1689 ku Pondicherry m'dziko la India, pomwe ankatsatira nyenyezi ya mchira.

Pali yachitatu m'banjamo, Proxima Centauri, yomwe Robert Innes anaitulukira ku Johannesburg mu 1915. Imeneyi ndiyo yapafupi zedi ndi dzuwa, ndipo mu 2016 akatswiri analengeza kuti ili ndi pulaneti yoizungulira. Koma ndi yofooka kwambiri, musataye nayo nthawi.

Ngati telesikopu palibe koma mukufunabe kuona nyenyezi ziwiri ndi maso anu, tembenukani muyang'ane kumpoto usiku womwewo, cha m'ma 7:30. Zibakera ziwiri kuchoka pansi pali nyenyezi zisanu ndi ziwiri zomwe zinayi zimapanga bokosi, zitatu n'kukhala mchira wokhota. Yapakati pamchirapo ndi Mizar. Iyang'anitsitseni: pambali pake pali kanyenyezi kofooka, Alcor. Kuwala kwa ziwirizi kumatenga zaka zoposa 80 kuti kutipeze, ndipo zimayendera limodzi mumlengalenga. Kalekale Aluya ankayesera maso pa kanyenyezi kameneka. Yesani ndi ana, nthawi zambiri amakaona msanga kuposa akuluakulu. Mitengo kapena nyumba zikatchinga kumpotoko simuona kanthu, ndiye sunthani mupeze poyera.

Amene ali ndi foni yamakono angathe kutsimikiza zonsezi ndi pulogalamu ya Stellarium, koma achepetse kuwala kwa foniyo. Ndipo musazengereze mpaka Okutobala: nthawi imeneyo mdima ukamagwa Alpha Centauri imakhala itatsika kale cha kum'mwera chakumadzulo, m'kati mwa utsi ndi fumbi.