Kupikula zakudya za banja lalikulu muno mu Mzuzu

Mwezi ukamatha mukaime pafupi ndi masitolo opikulitsa m'tauni muno. Muona mabelo a shuga, zigubu za mafuta ndi makatoni a sopo zikutuluka motsatizana, anyamata a njinga za kabaza zimene kuno timati Sacramento ali panja ndi zingwe zawo zamphira kudikira katundu. Ambiri mwa ogulawo alibe okala kapena golosale. Ndi makolo amene pakhomo pawo pamadya anthu asanu ndi atatu, khumi, mwinanso kuposa: ana awo, ana a malemu achimwene, mlamu amene anabwera kudzafuna ntchito, ndi mphwake wa bambo amene akuphunzira ku Mzuni koma malo ogona sanawapeze. Pakhomo potero kugula shuga wa pasupuni ndi mafuta a m'machubu tsiku ndi tsiku kumatha ndalama mosaoneka, ndiye kupikula n'koyenera ndithu. Chimene ndimakana ine ndi maganizo akuti chilichonse chogulidwa chambiri nthawi imodzi ndiye kuti chatchipa. Mtengo weniweni wa chakudya ndi wa kilogalamu imene yafika m'mbale, mutachotsapo thiransipoti, zofumbwa, zoola, ndi zimene zinatuluka pakhomo inu muli kuntchito.

Musanapite kumsika, dziwani kaye mmene nyumba yanu imadyera. Ndikafunsa mayi kuti thumba la chimanga la makilogalamu 50 limatha masiku angati kwawo, yankho limakhala lakuti "limatha msanga". Msanga si nambala. Tengani kope la mwana losagwiritsidwa ntchito, mulembe tsiku limene mwatsegula thumba la ufa, paketi ya shuga, botolo la mafuta, mchere ndi sopo, mulembenso tsiku limene chatha. Pakangotha mwezi umodzi mudzakhala mukudziwa kuchuluka kwa zimene muyenera kugula, ndipo mudzadabwa kuti chimene chimakudyerani ndalama si chimene munkachiganizira.

Chachiwiri ndi sikelo. Msika wathu umagulitsa ndi ndowa, chigoba, mbale ndi mulu, ndipo ndowa sizifanana. Ina inamenyedwa pansi kuti ilowe mkati, ina inadulidwa mlomo, wina amadzaza mosefukira pomwe mnzake amasalaza ndi dzanja. Munthu amene akugulirani chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi sangadalire maso. Kasikelo kokoloweka kaja kamapezeka m'mashopu a hadiweya ndipo kamakwana m'chikwama. Kayeseni kunyumba ndi paketi yosatsegula ya shuga ya kilogalamu imodzi kuti mudziwe ngati kakunena zoona. Masikelo ochitira malonda amayenera kupimidwa ndi a Malawi Bureau of Standards (MBS), choncho si mwano kufunsa wogulitsa kuti muone chizindikiro chake, kapena kuyezanso thumba pasikelo yanu iye akuona. Wokana zimenezi wakuuzani kale zonse.

Mukakhala ndi kulemera kwake, masamu ake ndi a sitandade 5. Tingoyerekeza: wina akugulitsa ndowa ya nyemba pa K60,000 ndipo mwayeza mwapeza makilogalamu 18, wina akugulitsa pasikelo K3,200 pa kilogalamu. Ndowayo ikutuluka K3,333 pa kilogalamu, kutanthauza kuti amene amaoneka wodula uja ndiye wotchipa. Manambalawa ndi ongophunzitsira, mitengo yeniyeni mukaipeza kumsika tsiku limenelo. Chitaninso chimodzimodzi m'sitolo: gawani mtengo wa belo ya shuga ndi mapaketi 20 amene ali mkatimo, mtengo wa chigubu cha mafuta ndi malita ake. Nthawi zina mupeza kuti mabotolo awiri a malita awiri akutsika mtengo pa lita kuposa chigubu cha malita asanu, makamaka pakakhala pulomoshoni. Foni ili ndi kakyuleta, musachite nayo manyazi pamaso pa anthu.

Tsono nkhani yaikulu ndi chimanga, chifukwa ndi chimene chimatenga ndalama zambiri komanso ndi chimene chimaonongeka kwambiri muno. Kumpoto kuno timakolola mochedwa kusiyana ndi kumwera. Chimanga cha ku Mzimba ndi ku Rumphi chimadzaza msika cha m'ma June ndi July, ndipo mtengo umakhala pansi nthawi imeneyo, kenako n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pachimake mu January ndi February. Amene ali ndi ndalama agule m'nyengo yotsikayo. Koma walira mvula walira matope: chimanga choyambirira kufika pamsika nthawi zambiri chimakhala chisanaumitsitse, ndipo Mzuzu si Karonga kapena Salima kumene dzuwa limamaliza ntchito lokha. Kuno mvula imachedwa kusiya, m'mawa kumakhala nkhungu, makoma a nyumba zambiri ku Chibavi, ku Chiputula ndi ku Masasa amakhala a chinyontho mpaka mwezi wa August.

Ine ndinaphunzira ndi matumba atatu. Chaka china ndinathamangira chimanga chotchipa kumapeto kwa May, ndinangopisa dzanja pamwamba pa thumba n'kumva kuti chili bwino. Ndinachisanjika pasimenti m'chipinda chosungira katundu, chotsamira khoma. Pofika July nditamasula thumba lapansi, fungo linandilandira ndi la chuku, njere zitagwirana m'mabuluma obiriwira, chapakati chikutentha ngati muli moto. Thumba limodzi lathunthu linapita kudzala, ndipo phindu lonse limene ndinkadzitama nalo kwa akazi anga linathera pomwepo. Chimanga cha chuku si chopatsa ngakhale nkhuku, chifukwa poizoni wake, aflatoxin, amaononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa.

Kuyesa kuuma n'kosavuta. Lumani njere: youma imathetheka ndi phokoso, yosauma imaphwanyika mofewa n'kukakamira kumano. Njira yodalirika kuposa pamenepo ndi ya mchere. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo chimanga kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masupuni awiri kapena atatu a mchere wouma, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, n'kulisiya kwa mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikufunika kuyanikidwanso. Chosungika bwino chimakhala ndi chinyontho cha 13 peresenti kapena kutsikirapo. Ndipo potenga njere zoyesera musatenge pamwamba. Uzani wogulitsa akhuthule thumba lonse pa lona muone zapansi, chifukwa mchenga, zitsononkho ndi chimanga chofumbwa cha chaka chatha zimakonda kubisala kumeneko.

Posunga, thumba lisakhudze simenti kapena khoma. Ikani matabwa pa njerwa, musiye mpata woti mphaka adutse kuseri. Pa anankafumbwe pali njira ziwiri zimene ndimalimbikitsa. Yoyamba ndi matumba a PICS, aja a mapepala awiri apulasitiki mkati ndi saka kunja. Mukamanga pepala lililonse palokha molimba, mpweya umatha mkatimo ndipo tizilombo timafa popanda mankhwala. Amadula pogula, koma amagwira ntchito zaka zingapo ngati sanabooke, ndiye muwateteze ku makoswe ndipo musamawatsegule sabata iliyonse. Yachiwiri ndi mankhwala a ufa monga Actellic, ogulidwa kusitolo yovomerezeka ya zipangizo zaulimi, othiridwa motsatira muyezo wolembedwa pabotolo, osati wa m'mutu. Mapiritsi aja ena amaika m'matumba n'kugona nawo m'nyumba momwemo, chonde asiyeni. Amatulutsa mpweya wakupha, ndipo ndi ogwiritsa ntchito anthu ophunzitsidwa m'nyumba zosungiramo katundu mosagona anthu.

Musagayitse chimanga chambiri nthawi imodzi. Ufa umayamwa chinyontho msanga kuposa njere, ndipo mgaiwa, poti uli ndi mafuta a mtima wa chimanga, suchedwa kuwawa. Wa masabata awiri kapena atatu ndi wokwanira. Pamene tili pa chigayo pomwepa, banja lalikulu lidziwe kuti kukonola ndi kuviika kumachotsa gawo lalikulu la thumba, mwina limodzi mwa magawo anayi kapena kuposa, n'kulisandutsa madeya. Sindikuti musiye ufa woyera, ndikudziwa nkhondo imene ingabuke patebulo. Koma phala la ana ndi nsima ya masana zitakhala za mgaiwa, thumba limatalika. Madeyawo musawasiye kuchigayo, oweta nkhuku ndi nkhumba amagula.

Mpunga wa Kilombero umachokera ku Karonga, ndipo umatsika mtengo akamakolola, kuyambira cha mu May kufika July. Anthu ambiri amaganiza zokwera basi kukagula komweko. Werengani kaye: ulendo wa makilomita opitirira 200 kudzera pa Chiweta, kupita ndi kubwera, kulipirira thumba lililonse, chakudya cha panjira, mwinanso kugona. Kwa thumba limodzi n'kutaya ndalama. Zimapindula mukakhala mabanja angapo n'kutuma munthu mmodzi, kapena ngati muli ndi wachibale wodalirika kumeneko woti akweze katundu inu n'kulandirira kudepoti. Pogula pamsika muno, nunkhizani, chifukwa Kilombero weniweni amamveka fungo ngakhale asanaphikidwe, ndipo yang'anani ngati sanasakanize ndi mpunga wina kapena woswekasweka. Woswekawo si woipa, ndi wabwino kuphala ndipo umatchipa, bola muugule pa mtengo wake.

Nyemba zimafumbwa msanga kuposa chimanga, ndipo zikakhalitsa zimalimba, n'kumatha makala ambiri kuti zipse. Za miyezi itatu kapena inayi n'zokwanira, m'ndowa yotsekeka bwino kapena m'thumba la PICS. Mtedza gulani wosasenda ngati malo muli nawo. Wosenda kale nthawi zina amauwaza madzi kuti usendeke mosavuta, ndipo chuku chimayambira pomwepo.

Usipa uli ndi kalendala yakeyake. Asodzi a ku Nkhata Bay, Usisya ndi Chintheche amaupha usiku ndi nyali, ndiye mwezi ukawala kwambiri nsomba zimachepa ndipo mtengo umakwera. Mphepo ya mwera ikamaomba, cha m'ma June mpaka August, ambiri salowa m'madzi. Gulani ndowa yanu kukakhala mdima komanso nyanja ili bata. Koma usipa wouma si chimanga. Muno mu Mzuzu umafewa ndi kuchita nkhungu pakangopita masabata ochepa, ndiye muziuyanika padzuwa kawirikawiri ndipo musausunge m'jumbo yomanga. Dengu kapena katoni yoboola ndi yabwino.

Tomato, kabichi, masamba ndi nthochi musapikule, pokhapokha ngati mukugawana ndi anzanu tsiku lomwelo. Anyezi ndi mbatata ya kachewere, zimene zambiri zimabwera kuchokera cha ku Jenda, zimapirira masabata angapo mukaziyala pamalo a mdima podutsa mphepo, n'kumachotsa yoola isanapatsire zinzake. Nyama yodzaza firiji imafuna munthu wokhulupirira magetsi kuposa mmene ine ndimawakhulupirira.

Za m'sitolo ndiye zosavuta, chifukwa sizifumbwa: shuga, mchere, sopo, machesi, soya pisesi, mafuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anali ndi katundu wotere m'nyumba anapuma kwa miyezi ingapo pomwe ena tinkangoona mitengo ikusintha pashelefu. Onani tsiku lothera ntchito, makamaka pa katundu amene watsitsidwa mtengo modabwitsa. Mafuta gulani otsekedwa kufakitale, okhala ndi chizindikiro cha MBS ndi cholembedwa chakuti muli vitamini A, ndipo muwasunge kutali ndi dzuwa ndi mbaula. Mchere ukhale wa ayodini, m'chigubu chotseka, apo ayi usanduka madzi. Sopo wamtanda muduleni n'kumuyanika pamwamba pa kabati, wouma sasungunuka msanga pochapa.

Pali dzenje lina limene silioneka pa lisiti. Chinthu chikachuluka m'nyumba, dzanja limalemera. Mtsikana amene ankathira mafuta mosamala kuchokera m'kabotolo, akaona chigubu cha malita 20 amathira ngati akutsirira dimba. Ana amanyambita shuga. Aneba amadziwa kuti kwa a uje kwafika belo, ndipo kambale kamayamba kubwera. Achibale ochokera kumudzi sangabwerere chimanjamanja akuona matumba asanjikizana. Kupatsa ndi khalidwe lathu ndipo sindikuletsa, koma kukhale kodziwa: patulani padera zimene mungathe kugawa. Zotsalazo zikhale kokhoma, makiyi akhale ndi munthu mmodzi, ndipo kukhitchini kuzipita muyezo wa sabata, mafuta m'botolo laling'ono, shuga m'kachitini. Zikatha Lachinayi, mufunse chifukwa chake musanatsegule china.

Ndikudziwa kuti ambiri awerenga mpaka pano akuti, ndalama yogulira zonsezi nthawi imodzi ichokera kuti? Musayambe ndi zonse. Sankhani chinthu chimodzi chimene kope lija lakuonetsani kuti chimadya ndalama, mwezi uno mupikule chimenecho, mwezi wamawa china. Katapila wogulira chakudya chosunga ndiye ayi, chiwongoladzanja chake chimaposa chilichonse chimene mungapulumutse. Magawo a banki mkhonde kapena chiperegani, ngati gulu lingavomere, akonzedwe kuti azituluka cha mu June pamene chimanga ndi mpunga zili pansi, osati mu December yekha pamene zonse zakwera ndipo ndalama imathera zovala za Khirisimasi.

Kugula pagulu kumathandiza, mutu umodzi susenza denga, komanso ndi kumene ubwenzi wambiri umathera. Mabanja anayi kapena asanu a mpingo umodzi kapena a mzere umodzi wa nyumba ndi okwanira. Aliyense apereke ndalama yake musananyamuke, za "ndikupatsani Lachisanu" zisakhalepo. Opita kukagula akhale awiri, abwere ndi malisiti, ndipo mtengo wa galimoto kapena njinga ugawidwe molingana ndi makilogalamu a aliyense, osati mofanana. Kugawana kuchitike tsiku lomwelo, pabwalo, pasikelo imodzi, aliyense atabweretsa ndowa ndi zigubu zake zotsuka ndi zouma. Basela amene wogulitsa waika pamwamba nayenso ayezedwe n'kugawidwa, asapite ndi amene ananyamula.