Kakonzedwe ka m'bindikiro wa maloya achizimayi woti achichepere pantchito apindule nawo

Mawu akuti m'bindikiro ambirife tinawazolowera kutchalitchi, kumene amayi amachoka pakhomo masiku awiri kapena atatu kukakhala paokha, kupemphera ndi kulangizana. Maloya achizimayi nawonso amafunika nthawi yotere, chifukwa ntchito yawo siwapatsa mpata wodziwana: amakumana m'makonde a khoti atavala mikanjo yakuda, mafayilo ali kukhwapa, n'kupatsana moni wapamtunda, aliyense akuthamangira mlandu wake. Vuto ndi lakuti misonkhano yambiri yotchedwa m'bindikiro imathera pa zolankhula zaulemu, chithunzi cha gulu m'mbali mwa nyanja ndi malaya olembedwa dzina la msonkhano. Wokonza ayambe ndi kudzifunsa kuti mtsikana amene analumbiritsidwa kukhala loya chaka chatha adzabwerera kuofesi Lolemba atanyamula chiyani chimene analibe Lachisanu, ndipo malo, ndalama ndi ndondomeko yonse zitsate yankho la funso limeneli.

Komiti yokonza isapitirire anthu asanu, ndipo awiri mwa iwo akhale oti sanathe zaka zisanu pantchito. Akuluakulu akakonza okha amasankha mitu imene iwo amakonda kuyankhulapo, pamene achichepere ali ndi nkhawa zina zimene sangazitchule pamaso pa mabwana awo. Poitana anthu musaganize za maloya a m'maofesi oyima paokha a ku Blantyre ndi ku Lilongwe okha. Kuli ena amene ali ku Unduna wa Zachilungamo, ku Legal Aid Bureau (ofesi ya boma yoyimira pamilandu anthu osakwanitsa kulipira loya), m'mabanki ndi m'makampani, m'mabungwe omwe si aboma, ena akuphunzitsa ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ndipo ena ndi mamajisitileti m'maboma akutali kumene mwina loya wamkazi ndi mmodzi yekha m'boma lonse. Bwalo Lalikulu lili ndi nthambi ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mzuzu, choncho m'bindikiro umene mulibe aliyense wochokera kumpoto ndi wopereŵera ngakhale holo itadzaza. Za chiwerengero, anthu 30 kapena 40 ndi okwana. Akapitirira apo umasanduka msonkhano wamba, wakuti ochepa amayankhula ndipo ambiri amangoyang'ana mafoni.

Miyezi iwiri tsiku lisanafike, tumizani mafunso ochepa oti anthu ayankhe mosalemba dzina. Afunseni chimene chimawavuta kwambiri pantchito, luso limene akufuna kuliphunzira, ndi nkhani imene amalakalaka itakambidwa koma sangayiyambitse okha. Mayankho amenewa ndiwo akhale maziko a ndondomeko.

Tsiku ndi malo

Loya sasiya tsiku limene khoti lamuikira, motero masiku abwino ndi kuyambira Lachisanu masana mpaka Lamlungu m'mawa, ndipo alengezedwe msanga kuti anthu asavomere kuika milandu yawo pa Lachisanu limenelo. Pewani sabata imene bungwe la maloya la Malawi Law Society lili ndi msonkhano wake wapachaka, komanso masiku otsegulira sukulu, pamene ambiri ali kalikiliki ndi fizi ndi kuperekeza ana. Kunyanja, monga ku Mangochi kapena ku Senga Bay m'boma la Salima, kumakoma kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafooketsa anthu masana onse, ndipo nthawi yamvula misewu ina imavuta. Salima ili ndi ubwino wakuti a ku Mzuzu angathe kutsika ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja kudzera ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota, pamene a ku Blantyre ndi a ku Lilongwe nawonso sayenda ulendo wotopetsa kwambiri. Phiri la Zomba ndi la Mulanje ndi malo abata, oyenera gulu laling'ono, koma mu Juni ndi Julayi muwauziretu anthu kuti atenge zofunda.

Chinthu chimodzi musachinyengerere: malowo akhale kutali ndi maofesi a anthu. Mukachitira m'bindikiro mu mzinda momwe, wina adzatuluka kukasayina kalata, wina adzaitanidwa ndi kasitomala amene wamangidwa, ndipo pofika madzulo mipando theka idzakhala yopanda anthu. Mmodzi wa akomiti apite yekha kukaona malowo asanalipire kanthu. Aone ngati jenereta ikugwira ntchito magetsi akazima, ngati madzi akutuluka, ngati holo ili ndi chitseko chotsekeka choti alendo ena asamve zokambidwa, ndiponso ngati pali chipinda chimene mayi woyamwitsa angagone ndi mwana ndi womulera. Mfundo yomalizayi ambiri amaiiwala, komatu ndiyo imene imatsekereza kunja amayi amene ali pa msinkhu wovuta kwambiri pantchito yawo.

Nkhani ya ndalama ikambidwe poyera kuyambira pachiyambi. Tinazolowera kuti msonkhano uliwonse umabwera ndi alawansi, koma m'bindikiro wotere ndi wa eni ake, ndipo kalata yoitanira inene mosabisa kuti alawansi kulibe. Chopereka chisakhale chofanana kwa onse: amene ali ndi maofesi awoawo kapena maudindo aakulu apereke zambiri, achichepere apereke zochepa, ndipo muwalole kulipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Konzani zoti anthu ayendere limodzi, chifukwa mafuta ndi okwera mtengo ndipo macheza enieni amayambira m'galimoto momwemo. Ngati banki kapena kampani ya inshuwalansi ikufuna kuthandiza, landirani, koma gwirizanani polemba kuti nthawi yawo yoyankhula ndi mphindi zowerengeka ndipo sadzakhala nawo m'zokambirana zachinsinsi. Ngati mwaitana majaji, samalani kwambiri ndi thandizo lochokera kwa aliyense amene ali ndi mlandu waukulu umene ukadali m'khoti.

Lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act la 2018 limafuna kuti loya azichita maphunziro owonjezera luso, amene ambiri amangowatchula kuti CPD, komanso azigwira ntchito ina yothandiza anthu kwaulere, kuti chiphaso chake chogwirira ntchito chikonzedwenso chaka ndi chaka. Lemberani Malawi Law Society nthawi ikadalipo, muwatumizire ndondomeko ndi maina a ophunzitsa, kuti mumve ngati maphunziro anuwo angawerengedwe. Akavomera, mtsikana wopempha chilolezo kwa bwana wake amakhala ndi chifukwa chogwirika, osaoneka ngati akungofuna kukasamba kunyanja.

Kuchotsa mantha a achichepere

Apa ndi pamene m'bindikiro umakomera kapena kuwonongekera. Ntchito ya uloya imalemekeza ukulu kuposa ntchito zambiri: kukhoti wamkulu amayamba kuitanidwa, wamng'ono amadikira, ndipo mwambo wathu umawonjezera kuti mwana sadula mawu akuluakulu. Mukangowasiya anthu kuti akhale mmene afunira, akuluakulu adzakhala kutsogolo pamodzi, achichepere kumbuyo pamodzi, ndipo adzabwerera kwawo osadziwana monga anabwerera. Komiti ikonze yokha makhalidwe a patebulo la chakudya chamadzulo a tsiku loyamba, tebulo lililonse likhale ndi wamkulu mmodzi, apakati awiri ndi achichepere atatu, osaika munthu pamodzi ndi bwana wake kapena mnzake wa ofesi imodzi. Ulemu usachoke ayi, wamkulu akhalabe Amayi akutiakuti, koma mwambo woyamba ndi kutchula maudindo onse a anthu olemekezeka usiyidwe pakhomo.

Usiku womwewo, wamkulu mmodzi amene wapemphedwa pasadakhale afotokoze mlandu umene anauluza chifukwa cha kulakwitsa kwake, kaya anachedwa kupereka zikalata kaya sanakonzekeretse bwino mboni. Nkhani za kupambana achichepere amaziwerenga kale m'nyuzipepala. Chimene sanamvepo ndi munthu amene amamuopa akuvomera kuti nayenso anatulukapo m'khoti misozi ili m'maso. Zikatero, pakamwa pa ena pamatseguka. Koma pasanayambe zimenezi, onse agwirizane kuti za kudambwe saulula: palibe kujambula mawu, palibe kulemba pa Facebook zimene wina wanena, ndipo chithunzi cha munthu chisatuluke iye asanalole. Chinsinsi cha kasitomala chikhalabe chinsinsi ngakhale pakati pa maloya okhaokha, choncho wopereka chitsanzo asinthe maina ndi malo. Majaji ndi mamajisitileti akakhalapo, wotsogolera anene momveka kuti mlandu uliwonse umene sunagamulidwe usatchulidwe, ngakhale pa tiyi.

Loweruka m'mawa, mitu ikadali yopepuka, likhale la kuchita osati kumvetsera. Gawani anthu m'magulu a asanu ndi mmodzi, apatseni mlandu wopeka, wina afunse mboni mafunso, wina apemphe belo, wina atsutse pempho la chiletso, kenako wamkulu wa m'gulumo anene chimene chinali bwino ndi chimodzi chokha choti chikonzedwe. Mphindi khumi zoyimirira pamaso pa anzako zimaphunzitsa kuposa maola awiri oonera zolembedwa pakhoma. Mukafuna mlandu weniweni woti muuphunzire kuyambira poyambira mpaka pa chigamulo, ulipo wa ku Msundwe: amayi 18 a kumeneko ndi madera oyandikana nawo a M'bwatalika ndi Mpingu, amene anachitiridwa nkhanza mu Okutobala 2019, anayimiridwa ndi bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association, ndipo mu Ogasiti 2020 Bwalo Lalikulu linagamula kuti boma liwapatse chipukuta misozi. Pemphani mmodzi wa amene anagwira nawo ntchitoyo afotokoze mmene umboni unasonkhanitsidwira kumudzi, mmene anagawanirana ntchito, ndi mmene anatetezera amayiwo kuti asadziwike.

Masana akhale a nkhani zimene ku sukulu ya malamulo sizikambidwa mokwanira, ndipo yoyamba ndi ndalama. Kodi mtengo wa ntchito umatchulidwa bwanji osachita manyazi? Wachibale kapena mnzako wa kutchalitchi amene akufuna thandizo laulere umamuyankha chiyani? Ndalama za kasitomala zimasungidwa bwanji mu akaunti yakeyake kuti zisasakanikirane ndi za ofesi, poti apa ndi pamene maloya ambiri amagwera m'mavuto ndi komiti yosungitsa mwambo? Wofuna kutsegula ofesi yakeyake amve kwa amene anatsegulapo za lendi, msonkho ndi miyezi imene kasitomala salowa pakhomo.

Nkhani yachiwiri ndi yolemera, ndipo ikufunika wotsogolera wofatsa. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu ndi nkhani zachiwerewere pamalo antchito, ndipo maloya amalidziwa bwino akamalangiza ena, koma zikawagwera okha, wochita zimenezo nthawi zambiri amakhala munthu amene ali ndi mphamvu pa tsogolo lawo. Zokambiranazi zisathere pa kudandaula. Anthu atuluke akudziwa kumene dandaulo lingaperekedwe, umboni woyenera kusunga monga mauthenga a pafoni ndi masiku, ndi maina a akuluakulu awiri kapena atatu amene avomera kuperekeza wodandaula. Momwemonso za uchembere: Employment Act ya 2000 imapereka tchuthi cha masabata osachepera asanu ndi atatu cholipidwa, koma lamulo silinena mmene mayi angabwererenso n'kupeza mafayilo ake akadali ake. Zimenezo amadziwa ndi amene anadutsamo.

Mbiri ya amene anatsogola ikhale ndi malo ake, koma mwachidule, mwina pa chakudya cha Loweruka usiku. Achichepere ena sadziwa kuti Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi wa dziko lino, anakhala m'ndende kuyambira 1981 mpaka 1993. Kuti Anastasia Msosa, amene anatsogolera bungwe loyendetsa chisankho cha 1994, anadzakhala mayi woyamba pa udindo wa Chief Justice, mkulu wa makhoti onse, mu 2013. Kapena kuti Ivy Kamanga anali mmodzi wa majaji asanu amene pa 3 Febuluwale 2020 anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019. Komanso musadzaze ola lililonse ndi zochitika. Siyani maola awiri opanda ndondomeko, anthu ayende m'mbali mwa madzi awiriawiri, pakuti wamanyazi amafunsa funso lake lenileni akakhala ndi munthu mmodzi.

Kudziwana kopindulitsa kumafuna kuti aliyense anene zimene amagwira ndi zimene akusowa. Lamlungu m'mawa aliyense alembe papepala nthambi ya malamulo imene amaidziwa bwino, boma limene amapezeka, ndi chinthu chimodzi chimene akufuna thandizo. Pamenepo loya wa ku Mzuzu amene ali ndi mlandu woti ungotchulidwa ku Blantyre amapeza womuyimirira tsiku limenelo, wa kubanki amadziwa woti amutumizire nkhani za malo, ndipo wodziwa za chuma chamasiye amapeza mnzake woti alembe naye nkhani. Wachichepere aliyense apatsidwe namkungwi wake, wosankhidwa potengera zimene analemba osati potengera kudziwana kwakale, ndipo awiriwo asananyamuke agwirizane tsiku lenileni lodzakumananso, alilembe m'buku momwe amalemba masiku a kukhoti.

Gulu la WhatsApp lidzatsegulidwa ndithu, ndipo pakatha mwezi lidzakhala la mauthenga a maliro ndi masiku obadwa. Musadalire limenelo. Komiti itumize ndondomeko ya mmene ndalama zagwirira ntchito pasanathe masabata awiri, pamodzi ndi mndandanda wa maina ndi nthambi za malamulo wa okhawo amene avomera kulembedwa. Kenako mmodzi wa akomiti apatsidwe ntchito imodzi yokha: pakatha miyezi itatu aimbire foni wachichepere aliyense, amufunse ngati anakumanadi ndi namkungwi wake, ndipo ngati sanakumane, amupezere wina.