Mmene mungalondolere mitsempha yodyetsa mtima pogwiritsa ntchito mtima wa mbuzi

Ophunzira ambiri a zaumoyo amaloweza mayina a mitsempha ya mtima kuchokera m'mabuku, koma akauzidwa kuti aloze pamene mitsemphayo imayambira amangoti kakasi. Kuno kuchigwa cha Shire, kumene mbuzi zimaphedwa pafupipafupi m'misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula, palibe chifukwa chophunzirira pa chithunzi chokha, pakuti mtima wa mbuzi uli ndi zipinda zinayi ngati wa munthu ndipo mitsempha yake imayambira pamalo ofanana.

Lawirirani kumsika dzuwa lisanakwere, chifukwa kutentha kwa kuno sikuchedwa kuwononga nyama. Mupemphe wogulitsa kuti adulire patali mitsempha ikuluikulu ya pamwamba pa mtimawo. Ambiri amadulira pafupi kwambiri, ndipo akatero amakhala atakutayirani gawo lenileni limene mukufuna. Konzeraninso lezala watsopano, magolovesi, sirinji yopanda singano, kamtengo kowonda ka tsache ndi madzi odonthezeramo jivi pang'ono.

Mukatsuka mtimawo, funani aorta, mtsempha wokhuthala umene sufwafwanika, ndipo mukapisamo chala chimakafika m'chipinda chamnofu wochindikala cha kumanzere. Ung'ambeni mtsemphawo chotsika mpaka muone timatumba titatu tooneka ngati mwezi wongokhala kumene, timene timatsekera magazi kuti asabwerere mumtima. Apa m'pofunika kudekha. Pamwamba penipeni pa timatumba tiwiri pali timabowo, kamodzi pa kathumba kalikonse, pamene kachitatu kalibe. Timabowo tiwiriti ndi poyambira mitsempha iwiri imene imadyetsa mnofu wonse wa mtima, chifukwa ngakhale magazi amadzaza m'zipinda zake usana ndi usiku, khoma la mtima n'lochindikala kwambiri moti silingakhutire ndi magazi ongodutsawo. Mwa munthu wamkulu mitsemphayi imakula mamilimita atatu kapena anayi okha m'mimba mwake, ndipo imatenga pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse a magazi amene mtima umapopa.

Lowetsani kamtengo kaja m'bowo la kumanzere mosakakamiza. Sikapita patali, chifukwa mtsemphawo ndi waufupi ndipo umagawika pawiri. Nthambi yoyamba, imene madokotala amaitchula kuti left anterior descending, imatsika kutsogolo m'kangalande kokutidwa ndi mafuta pakati pa zipinda ziwiri za m'munsi, kulunjika kunsonga ya mtima. Yachiwiri, circumflex, imakhotera kumanzere n'kuzungulira kumbuyo. Palani mafutawo pang'onopang'ono ndi nsonga ya lezala, kenaka thirani madzi a jivi ndi sirinji mutatsina pabowo ndi zala, ndipo mudzaona tinthambi tosawerengeka tikusanduka mtundu ndi kulowerera mumnofu. Aliyense amene anaonapo ngalande zothirira nzimbe ku Nchalo amvetsa msanga: ngalande ikatsekeka kumtunda, munda wonse wa kumunsi kwake umauma. Ndi mmenenso zimakhalira mafuta ndi magazi oundana akatseka nthambi yakutsogoloyi, imene imadyetsa gawo lalikulu la chipinda chopopera magazi kuthupi lonse. Mnofu wosowa mpweyawo umayamba kufa, ndipo wodwala amamva kuphwanya kapena kulemera pachifuwa.

Chitani chimodzimodzi ndi bowo la kumanja, koma musadabwe mukapeza kuti mtsempha wake ndi waung'ono. Mwa mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe, kuseri kwa mtima kumadyetsedwa ndi circumflex, pamene mwa anthu ambiri ntchito imeneyi ndi ya mtsempha wa kumanja, umene kawirikawiri umadyetsanso timagawo timene timayambitsa kugunda kwa mtima. Wophunzira amene sadziwa kusiyanaku akhoza kukalemba za mbuzi pa mayeso ofunsa za munthu. Ngati chipembedzo chanu chikulola, yerekezani ndi mtima wa nkhumba, umene pambali imeneyi umafanana kwambiri ndi wathu.

Mukamaliza, jambulani m'kope zimene mwaona mtimawo usanaume. Nyama yothiridwa jivi si ndiwo ayi. Ikwirireni mozama kuti agalu asaifukule, ndipo lezalayo muitaye m'chimbudzi chokumba.