Masewera oopsa pang'ono a pa Halloween: kakonzedwe ka phwando la ana, achinyamata ndi banja lonse

Halloween, chikondwerero chimene anthu amavala zovala ndi zigoba zoopseza, imachitika pa 31 Okutobala, usiku wotsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse. Mizu yake ili ku Ireland ndi ku Scotland, komwe anthu akale ankatsekera nyengo yokolola ndi mwambo wa Samhain. Anthu amene anasamukira ku America m'zaka za m'ma 1800 anapita nawo mwambowu, ndipo kumeneko ndi kumene dzungu losemedwa nkhope linatchukira. Makolo amene mukulera ana ku London, Manchester, Dublin ngakhalenso madera ena a Johannesburg, mukudziwa kuti Okutobala akamatha mwana amabwera ndi kalata yomuitanira kuphwando, kapena amapempha kuti anzake abwere kwanu. Mabanja ena sachita nawo chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo ku Britain kuli mipingo imene imakonza phwando lake la ana usiku womwewo lopanda mizukwa. Masewera ambiri amene tafotokoza pano amatheka ngakhale paphwando lotero.

Mantha pamasewera ali ngati tsabola mu ndiwo: muyezo wa wamkulu si muyezo wa mwana. Chimene chimasangalatsa ana ndi kudikirira chinthu chimene sakuchidziwa, mtima uli phaphapha, koma akudziwa kuti angathe kusiya nthawi iliyonse. Kumudzidzimutsa mwana kumbuyo mumdima si masewera ayi, ndipo mapeto ake ndi kulira ndi kulota zoopsa usiku. Choncho musanayambe chilichonse, sonkhanitsani ana onse mugwirizane mawu amodzi otulukira, monga akuti "ndatuluka". Aliyense akanena mawuwa, nyali iyake, masewera ayime, ndipo pasapezeke womuseka. Ana osakwana zaka 5 amavutika kusiyanitsa zenizeni ndi zongoyerekeza, makamaka nkhope ikabisika. Wamkulu amene wavala chigoba achivule pamaso pawo, achipereke achigwire, kenako achivalenso iwo akuona.

Phwando la ana a zaka 4 mpaka 8 lisapitirire ola limodzi ndi theka, ndipo liyambe kusanade. Ku Britain mawotchi amabwezedwa ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, motero pa 31 dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko madzulo. Pakhale wamkulu mmodzi pa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo wina akhale pakhomo osachokapo.

Mabokosi opisamo dzanja

Awa ndiwo masewera amene timawalimbikitsa kwambiri, chifukwa ndi otsika mtengo, sasowa mdima, ndipo amakomera mwana wa zaka 4 ndi agogo omwe. Pezani makatoni asanu a nsapato. Pambali pa katoni iliyonse boolani bowo la masentimita 10, loti dzanja la wamkulu lilowe. Dulani sokosi yakale kuphazi, mumate kapena kusokera mkono wakewo pabowolo, kuti wopisa dzanja asathe kusuzumira. Mkati muike mbale yapulasitiki, osati yagalasi, ndipo muimate pansi ndi tepi kuti isatayike dzanja likachoka mofulumira.

Zoika m'mbalemo muli nazo kale kukhitchini. Supageti wophika, woziziritsa ndi kuthira supuni imodzi ya mafuta ophikira, amakhala "nyongolotsi". Mukaiwala mafutawo amamatana n'kukhala chibumi, ndipo ana amamuzindikira msanga. Mphesa zosenda khungu ndi "maso". Kuti zisendeke mosavuta, ziviikeni m'madzi owira kwa masekondi 30 kenako m'madzi ozizira. Therere lobala lodula ndi kuviika m'madzi pang'ono usiku wonse limatulutsa chonanda chimene palibe mwana amachipirira osakuwa. Mbewu za chimanga zouma ndi "mano", ndipo golovesi ya labala yodzaza ufa, yomanga pakamwa ndi kuiika mufiriji, imamveka ngati dzanja lozizira likukugwira.

Kukoma kwake kuli pa wofotokoza. Ayankhule motsitsa mawu, asafulumire, auze mwana aliyense kuti "m'bokosi ili muli maso a chilombo cha kudambo," kenako amulole apise yekha. Musamugwire mkono kumukankhira. Aliyense anene kapena alembe chimene akuganiza kuti chilimo, ndipo pomaliza tsegulani makatoni onse pamaso pawo. Gawo lotsegulali musalidumphe: mwana akaona kuti maso aja ndi mphesa, mantha amasanduka chiseko, ndipo amapita kunyumba mtima uli m'malo. Pafupi pakhale beseni la madzi, sopo ndi thaulo. Zimene zagwiridwa ndi manja ambiri zisadyedwe, nyama kapena chiwindi chosaphika musachiikemo, ndipo funsani makolo pasadakhale ngati pali mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza, tirigu, mazira kapena labala.

Kukulunga mtembo wa ku Egypt

Masewerawa amatsanzira mitembo ya ku Egypt wakale, imene inkakulungidwa ndi nsalu. Gawani ana m'magulu a atatu. Mmodzi ayime manja ali m'mbali, awiri amukulunge ndi tishu wa kuchimbudzi kuyambira kumapazi kukwera, kwa mphindi zitatu. Mwana mmodzi amatha mipukutu iwiri. Tishu wotsika mtengo wopyapyala amangoduka, ndiye gulani wa mapepala awiri ophatikiza, ndipo auzeni okulunga kuti azizungulira okha m'malo mokoka. Malire ndi m'mapewa. Khosi, pakamwa ndi mphuno zisakulungidwe, ndipo wokulungidwa miyendo asayende kapena kudumpha, chifukwa akagwa alibe manja odzitchinjirizira. M'chipinda chochitira masewerawa musakhale kandulo ngakhale imodzi.

Maapozi m'madzi ndi madonasi pachingwe

Kuluma maapozi oyandama m'beseni manja ali kumbuyo ndi masewera akale a ku Britain ndi Ireland. Ngati mwawasankha, mwana aliyense akhale ndi mbale yakeyake ya madzi oyera ndi apozi wake, chifukwa beseni limodzi la ana khumi limagawitsa chimfine. Wamkulu asachoke pamalopo, ndipo mukangomaliza tayani madziwo, poti mwana wongoyamba kuyenda angathe kumira m'madzi ochepa kwambiri. Njira yosavuta ndi kumanga chingwe pakati pa mizati iwiri, n'kulendeweza madonasi kapena mandasi obooledwa pakati, aliyense pa msinkhu wa pakamwa pa mwini wake. Musanene kuti wopambana ndi womaliza kudya msanga, chifukwa mpikisano wa kumeza ndi umene umatsamwitsa. Wopambana akhale amene donasi wake sanagwe pansi. Ana osakwana zaka 5 musawapatse maswiti olimba, mtedza wathunthu kapena mbuliwuli, ndipo mphesa zoti adye muzidule m'litali panayi.

Kusaka ndi tochi

Dulani mafupa a pepala loyera: chigaza, nthiti, mikono iwiri, manja awiri, miyendo iwiri ndi mapazi awiri, zidutswa khumi pa gulu lililonse, ndipo kumbuyo kwake muike chizindikiro cha mtundu wa gululo kuti asalandane. Bisani pabalaza kapena pabwalo lotchingidwa ndi mpanda, gulu lililonse lipatsidwe tochi imodzi, ndipo loyamba kulumikiza mafupa ake onse pansi ndilo lapambana. Yenderani malowo masana muchotse zingwe zamagetsi, makasu, mipando yotsika ndi mabotolo. Masitepe, khitchini ndi bafa zikhale kunja kwa masewera. Ngozi zambiri pano zimadza chifukwa chothamanga mumdima, choncho lamulo likhale lakuti wothamanga abweza fupa limodzi. Kwa ana aang'ono siyani nyali ya m'khonde ili chiyakire.

Achinyamata: masewera a mimbulu

Wa zaka 13 sangasangalale ndi tishu ndi madonasi. Chimene chimawagwira mtima achinyamata ndi kukayikirana, ndipo masewera odziwika ndi dzina loti Mafia kapena Werewolf anapangidwira zomwezo. Anayambitsidwa ndi Dmitry Davidoff ku Moscow m'zaka za m'ma 1980. Amafunika anthu 8 mpaka 15, kuphatikizapo wotsogolera mmodzi amene sasewera nawo. Pa osewera khumi, lembani timapepala: mimbulu iwiri, sing'anga mmodzi, mlonda mmodzi, ndipo otsalawo ndi anthu a m'mudzi. Aliyense atole kapepala mwachinsinsi.

Wotsogolera akati "kwada," onse atsinzine. Mimbulu itsegule maso, ilozerane mwakachetechete munthu mmodzi woti imugwire, itsinzinenso. Sing'anga adzuke aloze amene akufuna kumupulumutsa usiku umenewo. Mlonda aloze munthu mmodzi, ndipo wotsogolera amuyankhe ndi mutu ngati ali mmbulu kapena ayi. Akati "kwacha," onse atsegule maso, wotsogolera alengeze amene wagwidwa (ameneyo wachotsedwa m'masewera ngati sing'anga sanamupulumutse), ndipo mudzi ukambirane n'kuvota kuti achotsedwe ndani. Mudzi umapambana ukachotsa mimbulu yonse. Mimbulu imapambana ikafanana chiwerengero ndi anthu otsala.

Zimene zimaononga masewerawa ndi zitatu. Mimbulu ikachuluka, mudzi sungapambane, ndiye musapyole mmbulu umodzi pa osewera anayi alionse. Kukhwekhwesa kwa zovala kumaulula amene wadzuka usiku, choncho onse aziomba pang'onopang'ono pa mawondo nthawi yonse ya "usiku". Ndipo amene achotsedwa koyambirira amatopa n'kuyamba kusewera ndi foni kapena kuulula zinsinsi. Chepetsani zokambirana zikhale mphindi zitatu, kuti ulendo umodzi uthe m'mphindi 20 kapena 25 ndipo muyambirenso. Wotsogolera akhale tcheru ngati mnyamata kapena mtsikana mmodzimodzi yemweyo akuchotsedwa koyamba nthawi zonse, chifukwa pamenepo masewera asanduka kusalana.

Dzina la mimbulu musalisinthe kukhala mfiti. Kwathu kuloza munthu chala kuti ndi mfiti kwachititsa kuti agogo amenyedwe, athamangitsidwe m'midzi ngakhale kuphedwa kumene, ndipo ku Malawi lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Ana asaphunzire kuchita zimenezi ngati zoseketsa. Pa chifukwa chofanana, amene mungachitire phwando lotere ku Malawi, zovala za opopa magazi zisatuluke pampanda. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma akumwera monga Mulanje ndi Phalombe, ndipo munthu wokumana ndi mnyamata wodzola zonga magazi usiku sangadziwe kuti ndi masewera. Zigoba za Gule Wamkulu nazonso si zovala za paphwando. Zili ndi eni ake ndi malamulo ake.

Nthano yozungulira

Banja lonse likhale mozungulira, nyali zizime, tochi imodzi ikhale m'manja mwa woyankhula. Woyamba aponye "padangokhala," onse avomere "tili tonse," anene ziganizo ziwiri n'kupatsira tochi kwa wotsatira. Pamene pali ana aang'ono, wamkulu akhale womaliza kuti aitsirize bwino: mwachitsanzo, kadzidzi woopsa wa m'nthanoyo apezeke kuti amangofuna njira ya kwawo. Musatchule wachibale amene anamwalira, nyumba imene anawo amagonamo kapena munthu woyandikana naye.

Dzungu, moto ndi zowala

Kusema dzungu ndi ntchito ya wamkulu. Ana ajambule nkhope ndi cholembera ndi kukumba zamkati ndi supuni. Dulani chivundikiro mpeni utapendekera mkati kuti chisagwere m'dzungu, ndipo palani khoma la mbali yosemayo litsale masentimita 2 kapena 3. Manja ndi mpeni zikhale zouma, ndipo dzanja logwira dzungu lisakhale kutsogolo kwa mpeni, poti umakakamira m'khungu kenako n'kutuluka mwadzidzidzi. Dzungu losema limayamba kufota ndi kuchita nkhungu pakangopita masiku ochepa, msanga kwambiri kotentha, ndiye semani dzulo lake. Nthanga zake tsukani, thirani mchere mukazinge. Kumene maungu savuta kupezeka ndi kumene Okutobala ndi nyengo yokolola. Kwathu mwezi umenewu amasowa, koma chivwende kapena papaya wosapsa amasemeka bwinobwino.

Mkati mwake ikani tochi yaing'ono kapena kandulo ya batire. Zovala zambiri zogula za pa Halloween ndi zopyapyala ndi zolendewera, ndipo zikakhudza lawi zimayaka msanga. Zikagwira moto, mwana ayime, agone pansi, agubuduke, ndipo pamalo opsawo thirani madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20 musanachite china chilichonse. Osapakapo mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Makandulo a batire nawo ali ndi vuto lake: ambiri amagwiritsa timabatire tophwatalala tonga mabatani, ndipo mwana akameza kamodzi kangathe kuotcha kummero m'maola awiri okha. Gulani amene chitseko cha batire chimamangidwa ndi sikuluwu, kapena chimateni ndi tepi yolimba, ndipo muwawerenge phwando lisanayambe ndi likatha. Mukakayikira kuti wameza, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka wabwinobwino, ndipo musamusanzitse.

Timitengo towala tamitundumitundu tikathyoka, madzi ake amawawa m'maso ndi m'kamwa. Tsukani ndi madzi ambiri, ndipo ana amene adakaluma zinthu musawapatse. Amene mukufuna utsi woyenda pansi wa dry ice (mpweya wa carbon dioxide woundana), dziwani kuti amazizira kufika madigiri 78 pansi pa ziro. Mugwireni ndi golovesi yochindikala kapena chopanira, mawindo akhale otsegula, musamuike m'zakumwa, ndipo musamutsekere m'botolo chifukwa limaphulika.

Kwatsala mphindi 20 kuti makolo abwere, yatsani nyali zonse, zigoba zivulidwe, ana asambe m'manja ndipo apatsidwe chakudya atakhala pansi. Mwana amene ananena "ndatuluka" kapena analira, uzani kholo lake pakhomo chimene chinamuopsa, kuti akadzuka usiku adziwe poyambira pomutonthoza.