Makina a CNC Akamalakwitsa Miyeso Podula Aluminiyamu

Pa makina a CNC (odula motsogoleredwa ndi kompyuta), bowo lozungulira likatuluka ngati dzira, musathamangire kusintha pulogalamu. Kawirikawiri vuto limakhala pa coupler yolumikiza mota ndi lead screw (sikuluwu yaitali yoyendetsa makina): kasikuluwu kake kakamasuka, shafiti ya mota imaterereka m'kati. Jambulani mzere ndi cholembera kudutsa pa shafiti ndi coupler, yendetsani makina kangapo, kenako onani ngati mzerewo wasemphana. Ukasemphana, mangani kasikuluwuko pa mbali yophwatalala ya shafiti mutadonthezapo Loctite yabuluu (guluu woletsa sikuluwu kumasuka).

Zonse zikakhala zolimba, mwina mota ikudumpha masitepe (sikuzungulira mofika pomwe yalamulidwa). Mu GRBL, pulogalamu yolamulira makinawa, tsitsani ndi theka $120 ndi $121, zomwe zimaika changu chokwezera liwiro pa X ndi Y. Draiva (kabodi koyendetsa mota) nayo ikatentha kwambiri imazima yokha kwa kanthawi, choncho iikireni fani.

Aluminiyamu amamatirira pa mpeni mukamayendetsa pang'onopang'ono. Ambiri amayesa kuti kuchepetsa feed (liwiro lomwe mpeni umayendera pa chitsulo) n'kusamala, pamene mpeniwo umangokhula m'malo modula, chitsulo n'kutentha. Tengani end mill (mpeni wozungulira wa makinawa) ya 6 mm ya dzino limodzi. Pa 18,000 RPM (kuzungulira pa mphindi) ndi 0.03 mm pa dzino, feed ikhale 540 mm pa mphindi, kuzama 0.5 mm ulendo uliwonse. Tizidutswa tichotseni ndi mpweya wa kompuresa mutavala magalasi otetezera maso, chifukwa tikatsala mumpata mpeni umatidulanso n'kuthyoka.