Chamba ndi mapapo anu: zimene utsi umawononga komanso pomwe vaporizer imalekezera

Chimene chimawononga kwambiri mapapo a munthu wosuta chamba ndi moto. Nsonga ya ndudu yoyaka imatentha kupitirira madigiri 600, ndipo pa kutentha kotere tsamba lililonse, kaya ndi fodya wopita ku okushoni ku Kanengo kaya ndi fodya wamkulu, limatulutsa phula, mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, ammonia, benzene ndi tizidutswa ta mwaye. Mawu oti "ichi n'chitsamba chachilengedwe" sachiza chifuwa. Nkhuni nazo n'zachilengedwe, koma funsani mayi amene waphikira zaka zambiri m'khitchini yopanda zenera.

Tinene poyambirira: lamulo la mu 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chilolezo, koma kusuta kofuna kuledzera ndi mlandu m'Malawi muno, ndipo vaporizer, kachipangizo kotenthetsa chamba osachiyatsa, sikasintha zimenezi. Talemba izi chifukwa osuta alipo, ku Mtandire, ku Kawale ngakhalenso m'mipanda ya ku Area 47, ndipo mapapo awo ndi ofunika.

Zimene zimachitika m'chifuwa

Mu 1988 akatswiri a pa yunivesite ya California ku Los Angeles anapeza kuti ndudu imodzi ya chamba imalowetsa phula lochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi ndudu ya fodya, ndipo carbon monoxide m'magazi imakwera pafupifupi kasanu. Chifukwa chake ndi kasutidwe: ndudu ya chamba ilibe sefa, munthu amakoka mwamphamvu, amasunga utsi m'chifuwa, kenako amasuta mpaka moto kufika pa zala, pomwe phula launjikana.

M'njira za mpweya muli tiubweya ting'onoting'ono tosesa fumbi ndi tizilombo. Utsi umatifooketsa, njirazo zimatupa n'kuyamba kutulutsa makhololo ambiri. Ndiye chifuwa cha m'mamawa chija, makhololo osatha, ndi kulira kwa m'chifuwa pokwera chitunda. Kwa ena, makamaka anyamata aatali ndi owonda, pamwamba pa papo pamatuluka timatuza ta mpweya. Kamodzi kakaphulika, papo limaphwa ngati chubu cha njinga: kubaya kwadzidzidzi mbali imodzi ya chifuwa ndi kubanika. Zikatero pitani ku Kamuzu Central nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.

Pali zina ziwiri zomwe kuno kwathu n'zazikulu. Choyamba ndi chifuwa chachikulu cha TB. Chimafala ndi mpweya, ndipo anthu asanu opatsirana ndudu m'kachipinda kotseka, uyu akukhosomola uyo akukhosomola, akupumirana mpweyawo. Chachiwiri ndi chuku. Chamba chosungidwa chisanaume bwino, makamaka m'dzinja, chimamera chuku cha mtundu wa Aspergillus, ndipo moto wa ndudu suchipha chonse. Kwa munthu yemwe chitetezo chake chatsika ndi HIV, kapena amene TB inamusiyira mabala m'mapapo, chuku chimenechi chimatha kumera m'papo momwemo. Chonunkha chinyontho kapena chooneka ndi tiulusi toyera, tayani.

Yambani ndi kuyezetsa

Musanaganize zogula chilichonse, yang'anani chifuwa chanu. Ngati mwakhosomola masabata awiri, mukutuluka thukuta usiku, mukuwonda, thupi likutentha madzulo kapena makhololo ali ndi magazi, kaperekeni makhololo ku Bwaila kapena ku chipatala chaching'ono cha kwanuko monga cha Area 25 kapena Kawale. Kuyeza ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo mankhwalawo amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Amene ali ndi HIV asadikire n'komwe masabata awiriwo. Vuto la osuta ndi loti chifuwa chilichonse amati n'cha utsi, TB n'kumadya mwakachetechete. Adokotala auzeni chilungamo za zimene mumasuta komanso kangati pa tsiku.

Vaporizer: zilipo ziwiri, musazisokoneze

Yoyamba ndi ya masamba ouma. Ili ndi batire, kachipinda koikamo masamba, chotenthetsera, kasefa kachitsulo ndi poyamwira. Imatenthetsa masamba osawayatsa, kotero THC, chomwe chimaledzeretsa, amatuluka ngati nthunzi. Kafukufuku wa ku San Francisco wa mu 2007 anaonetsa kuti THC wofika m'magazi amafanana ndi wa ndudu, koma carbon monoxide imachepa kwambiri.

Yachiwiri ndi yooneka ngati cholembera, yokhala ndi kabotolo ka mafuta a chamba. Iyi ikaneni. Mu 2019 ku United States kunabuka matenda a mapapo otchedwa EVALI, ndipo pofika February 2020 anthu 2,807 anali atagonekedwa m'chipatala, 68 atamwalira. Gwero lalikulu linali vitamin E acetate, mafuta omwe ogulitsa mozemba ankasungunulira THC kuti achuluke. Ndi maso simungawazindikire. Kabotolo kobwera m'chikwama cha munthu kuchokera ku Joni, palibe angakuuzeni zomwe zili m'katimo, ngakhale katoni yake ikongole bwanji.

Pa ya masamba ija, nkhani yonse yagona pa kutentha. Ikani pakati pa madigiri 180 ndi 200. Mukapitirira 210 nthunzi imayamba kukanda kukhosi, ndipo chapafupi ndi 230 masamba amayamba kupsa, mwabwereranso ku utsi umene mumathawa. Choncho chipangizo chosaonetsa madigiri, kapena chomwe masamba amakhudza waya wofiira, ndi ndudu yamagetsi chabe.

Masamba akhale ouma, opanda njere ndi timitengo, ofikisidwa pang'ono koma osasanduka ufa, poti ufa umatseka sefa. Kachipinda ka zipangizo zambiri zogwira m'manja kamalowa magalamu 0.1 mpaka 0.3. Musatsendere, mpweya uzidutsa. Dikirani chifike pa madigiri mwaikawo, kokani pang'onopang'ono kwa masekondi asanu mpaka khumi, n'kutulutsa osasunga. Kusunga mpweya m'chifuwa sikuwonjezera kanthu kooneka, chizungulire chimene anthu amachiyamikira chija n'kuperewera kwa mpweya wabwino basi.

Zotsala zimakuuzani ngati mwachita bwino. Zikhale zofiirira ngati tiyi wouma. Zikatuluka zakuda, kapena muli phulusa, kapena mwamva fungo la kupserera, zapsa: tsitsani madigiri, kapena chipangizocho n'chachabe. Nthunzi yeniyeni imakhala yopyapyala, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaona ngati sichikugwira, amakweza moto kapena kukoka kambirimbiri. Ofufuza a ku Johns Hopkins mu 2018 anapeza kuti kwa anthu osasuta kawirikawiri, mlingo womwewo umaledzeretsa kwambiri ukakhala nthunzi kusiyana ndi utsi. Zotsatira zake ndi mtima kuthamanga, mantha ndi kusanza.

Sesani kachipinda ndi kaburashi mukangomaliza. Kamodzi pa sabata viikani kasefa ndi poyamwira mu isopropyl alcohol (sipiriti wotsukira zipangizo wopanda utoto), tsukuluzani ndi madzi, ziume kaye musanabwezeretse. Sipiriti wapepo uja ayi, ali ndi utoto ndi mankhwala ena osayenera kupumidwa. Poyamwira musabwerekane.

Zimene nthunzi sichotsa

Vaporizer imachepetsa utsi, koma THC ndi yemweyo. Chibaba chimakhalapobe, kuiwalaiwala kulipobe, ndipo chiopsezo cha matenda a misala, chomwe n'chachikulu kwa oyamba ali aang'ono ndi omwe kumtundu kwawo matendawa alipo, sichisintha. Nthunzi yotentha imakwiyitsabe njira za mpweya. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, wachinyamata, wodwala mphumu kapena mtima, ndi amene ali pa mankhwala a TB, kwa iwowa njira yabwino ndi kusiyiratu. Ndipo wogwiritsa vaporizer kunyumba koma n'kumasutabe ndudu ndi anzake madzulo, mapapo ake sanapume.

Ngati mukusutabe utsi, chotsani izi lero: kusakaniza ndi fodya kapena chingambwe, komwe kumawonjezera chibaba cha chikonga pamwamba pa phula, kukulunga mu nyuzipepala kapena pepala la kope lokhala ndi inki, kusutira m'botolo la pulasitiki kapena m'chitini cha chakumwa, ndi kusutira m'nyumba yotseka mbaula ikuyaka mu June, pomwe carbon monoxide imachokera mbali ziwiri. Paipi yodutsa m'madzi imangoziziritsa utsi, phula limadutsabe.

Mukasiya

Carbon monoxide imatha m'magazi pasanathe masiku awiri. Masabata oyamba chifuwa chimatha kukula, musadabwe, ndi tiubweya tija tadzuka n'kuyamba kusesa, kenako kukhosomola ndi makhololo zimachepa. Amene amasuta tsiku ndi tsiku amve izi: kupsa mtima, kusowa tulo, maloto achilendo ndi kusafuna chakudya zimayamba tsiku loyamba kapena lachiwiri, zimafika pachimake m'sabata yoyamba, ndipo zambiri zimazilala pakatha masabata awiri kapena atatu, ngakhale tulo timachedwerako kubwerera. Tayani mapepala ndi zotsala zonse, uzani m'bale mmodzi womudalira, ndipo nthawi imene munkasuta ipezereni chochita chotopetsa thupi. Mukalephera kawiri katatu, a St John of God muno mu Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo, ndipo ku Bwaila kuli gawo la matenda a maganizo. Popita tengani buku lanu lakuchipatala.